Buku lija latha, ndabwera kudzathokoza

Usiku wa Lachiwiri ndinalemba chiganizo chomaliza, kenako ndinangokhala duu kutsogolo kwa kompyuta, manja ali pamwendo. Kwa zaka zinayi ndakhala ndikugona ndi kudzuka ndi mtsikana wa m'nkhani imeneyi, mwana wazaka 16 amene anakwera ndege koyamba kupita kukaphunzira chaka chimodzi ku Tromsø, kumpoto kwa dziko la Norway, m'banja la anthu omwe anali asanawaonepo. Tsopano ndamubweza kwawo, ndipo buku lapita m'manja mwa akonzi. Ambiri a inu simunatope kundifunsa kuti ndafika pati. Lero ndabwera kudzathokoza, ndipo ndikufuna kunena chimene aliyense anachita, chifukwa kungoti "zikomo nonse" n'kuchoka kungakhale kukuchepetsani.

Ndiyambe ndi inu anyamata ndi atsikana amene munapitapo kumaphunziro otere ndipo munalola kucheza nane, ena pafoni usiku, ena m'mauthenga ataliatali. Mayina anu sinditchula, monga tinapanganirana. Ndisanakumane nanu ndinali ndi zowerenga zokha. Ndinkadziwa kuti bungwe la AFS linayamba ngati gulu la anthu odzipereka oyendetsa maambulansi ku France pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, ndipo linadzayamba kutumiza ana asukulu kumayiko ena mu 1947. Ndinkadziwanso kuti bungwe lina, la Rotary, limatumiza achinyamata azaka 15 mpaka 19, ndipo m'chaka chimodzicho mwana amatha kukhala m'mabanja awiri kapena atatu. Zonsezi n'zoona, koma ndikazilemba papepala zinkangouma gwa. Mnofu wa nkhani munabwera nawo ndinu.

Iwe mng'ono wanga wa jekete uja, sindidzaiwala. Unalitulutsa m'sutikesi litadzaza timabaji mpaka m'mikono, likulira ngwerengwere ukalinyamula, n'kuyamba kundilongosolera kamodzikamodzi, aka n'kochokera kwa mnzako wa ku Brazil, aka kwa wa ku Taiwan. Utafika pa kabaji kena kakang'ono kokanduka utoto, unakhala chete, chala chili pomwepo. Sindinakufunse kanthu, ndipo mpaka pano sindikufuna kukufunsa. Koma dziwa kuti mutu 9 wonse unabadwira pa chete ameneyo. Winanso anandifotokozera za tsiku losamuka kuchoka m'banja loyamba kupita lachiwiri. Wangodziwa kumene pomwe pamakhala makapu, wangozolowera nthawi imene bambo a m'nyumbamo safuna phokoso, basi akuti longedza. Chinthu chotero munthu sungachipeke uli pampando.

Koma chimene ndikukuthokozerani koposa n'chakuti munandikanira mathero anga. Poyamba nkhaniyi inkathera pabwalo la ndege, mtsikana uja atabwerera, makolo akumukumbatira, misozi ya chimwemwe, basi. Atatu mwa inu, aliyense payekha, munandiuza chimodzimodzi, kuti pamene ine ndatsekera ndi pamene ululu weniweni umayambira. Mwana wabwera ndi nkhani zodzaza mtima, anthu amumvetsera tsiku loyamba ndi lachiwiri, lachitatu ayamba kuyang'ana kumbali. Anzake ali ndi nthabwala zatsopano zomwe iye sakuzidziwa. Akatchula dziko lomwe wachokera amati akudzionetsera, akakhala chete amati wayamba kunyada. Chipinda chake ndi chomwechija, koma usiku tulo sitibwera. Mawu anuwo anandipweteka, chifukwa ankatanthauza kugwetsa ntchito ya miyezi yambiri. Ndinagwetsa, n'kulemba mitu isanu yatsopano, ndipo ndikunena mosakayika kuti mtima wa bukuli uli m'mitu imeneyo.

Aphunzitsi anga akale, inu munandisonyeza kuti zimene anawa ankanena akatswiri anaziona kalekale. Munandiuza za Sverre Lysgaard, amene mu 1955 anafufuza anthu a ku Norway omwe anakaphunzira ku America, n'kupeza kuti mlendo amayamba ndi chisangalalo, pakatikati mtima umatsika, kenako amadzakhazikika, ngati chilembo cha U. Munandiuzanso kuti mu 1963 John ndi Jeanne Gullahorn anawonjezera kuti munthu akabwerera kwawo mtima umatsikanso kachiwiri, chilembo chija n'kusanduka W. M'bukumu mulibe mayina amenewa, ndipo sindikhulupirira kuti moyo wa mwana aliyense umatsata chilembo ndendende. Komabe W ameneyu ndinamujambula pakapepala n'kumumata pakhoma, ndipo nthawi zonse ndikasochera ndinkayang'ana pamenepo. Ambuye akusungeni, aphunzitsi.

Chaka chachitatu ndi chimene chinatsala pang'ono kundigonjetsa. Kompyuta inazima m'mawa wina, osayakanso, itameza mitu isanu ndi iwiri. Achimwene amene munayesetsa kuikonza kwa masiku anayi, ngakhale sizinatheke, khama lanu ndinaliona. Ndinakhala miyezi isanu osalemba ngakhale mzere umodzi, ndipo munthu akatchula za buku ndinkasintha nkhani. Achemwali anga, inu simunandikalipire kapena kundilalikira. Munangobwera tsiku lina ndi envulopu yakhaki, mkati muli mitu inayi yomwe ndinakutumizirani kale kuti muwerenge, mutaisindikiza, m'mphepete muli zolemba zanu za pensulo, tsamba lina lili ndi chidindo cha kapu. Munaiika patebulo n'kunena kuti mukufuna kudziwa ngati mwanayo anafika bwino kwawo. Usiku womwewo ndinayambiranso.

Ndithokozenso mayi a ku Norway amene akhala akulandira ana a mayiko ena m'nyumba mwawo, ndipo anawerenga mitu yonse ya ku Tromsø mothandizidwa ndi womasulira. Mayi, munandiwongola mwachikondi koma mosabisa. Ine ndinalemba kuti dzuwa likasiya kutuluka, kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka pakati pa Januwale, kumakhala mdima wa ndiweyani usana ndi usiku. Inu munati ayi, masana kumabwera kuwala kwabuluu kwa maola ochepa, chipale chofewa n'kumanyezimira, ndipo nthawi imeneyo ndi imene mwana wachilendo amaima pawindo. Munandikumbutsa za tinthu tonyezimira tomwe anthu amapachika pa zovala kuti oyendetsa galimoto aziwaona mumdima. Munandiuza kuti kumeneko ana amaitana aphunzitsi ndi dzina lawo loyamba, ndipo mtsikana wanga anatha mwezi wathunthu lilime likumukana. Munandiphunzitsanso mawu oti "takk for maten", omwe munthu amanena pothokoza akamaliza kudya. M'nkhanimu ndi mawu oyamba amene mtsikanayu amawalankhula osayamba wawakonza m'mutu, ndipo atabwerera kwawo amamupulumuka pakamwa aliyense n'kumuyang'ana modabwa.

Ndipo munandipatsa chinthu chomwe sindinapemphe, mbali ya banja lolandira. Munafotokoza mmene chipinda chimakhalira mwana akapita, bedi loyalidwa, kapu yomwe ankaikonda ili pa shelefu, inu n'kumayalabe malo a munthu mmodzi owonjezera patebulo kwa sabata yathunthu. Ine maso anga onse anali pa mwana. Inu munanditembenuza kuti ndione amene atsala.

Kwa inu ana asukulu khumi ndi awiri amene munawerenga buku lonse lisanakonzedwe, komanso makolo anu amene anakulolani, zikomo chifukwa cha chilungamo chanu. Munandiuza pomwe munatopa, pomwe munadumpha masamba, ndi pomwe mtsikanayu ankalankhula ngati munthu wamkulu. Nkhani zambiri za mtundu umenewu zimasandutsa dziko lachilendo kukhala malo okongola okapezerako chibwenzi, ndipo ndinkaopa kuti popanda zimenezo mutaya buku. Simunataye. Mmodzi wa inu ananena kuti pomwe analira ndi pamene mtsikanayu wamvetsa nthabwala ya m'kalasi mochedwa, anzake atamaliza kale kuseka, iye n'kumwetulira yekha. Ndime imeneyo ndinatsala pang'ono kuichotsa. Yakhala chifukwa cha iwe.

Akonzi akufunika nthawi yawo, choncho tsiku lotuluka ndidzakuuzani likadziwika. Mabuku oyamba adzapita kwa inu amene ndakutchulani pano. Lina lidzawoloka nyanja kupita kwa mayi aja. Achemwali, lanu ndidzaliika m'envulopu yomwe ija, ndaisunga. Ndipo iwe wa jekete, lako ndidzabwera nalo ndekha.