Laputopu imodzi, aphunzitsi onse

Pa ntchito yanga yokonza makompyuta, Lolemba ndi Lachiwiri kunalibe zachilendo: pulinta yotafuna mapepala ku Nchalo, mafani awiri odzadza fumbi, magetsi n'kuthima ntchito ili pakati. Koma za Lachitatu zikundiwawabe mumtima.

Anandiitana pa sukulu ina ya CDSS kupitirira Ngabu. Pali laputopu imodzi yokha imene aphunzitsi onse amataipira mayeso, yakale ya purosesa ya Core 2 Duo, RAM (memore imene makina amagwirira ntchito) ya 2GB yokha. Wina anaikamo Windows 10. Madamu a Biology akuti amaiyatsa n'kukalemba kaye pa bolodi, pobwera n'kupeza ikuzungulirabe. Ndi kutentha kwathu kuno kwa Novembala, anaikhazika pa njerwa ziwiri kuti mpweya uzidutsa pansi, koma fani ikulirabe ngati chigayo.

Za Windows 11 n'zosayamba n'komwe, imafuna RAM ya 4GB ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Windows 10 nayo Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 Okutobala 2025, ndiye ndi mafulashi amene amangoyenda m'manja mwa aliyensewa, mavairasi akulowa ngati pakhomo popanda chitseko. ChromeOS Flex ya Google, imene imalowa m'malo mwa Windows, ndinaikana, imafunanso 4GB, ndipo popanda intaneti ili ngati yomangidwa manja. Bandulo agule ndani?

Ndinayesa mitundu itatu ya Linux, imene nayonso imalowa m'malo mwa Windows, kuchokera pa fulashi. Linux Mint Xfce inayenda, koma nditatsegula Firefox ya pa intaneti ndi LibreOffice yotaipira limodzi inayamba kukoka miyendo. antiX ndiye mbalame, ikayaka sidya ngakhale theka la gigabyte, koma madamu anaiyang'ana n'kufunsa kuti, "Achimwene, mafayilo anga ndiwapeza pati?" Ndinadziwa kuti ndikachoka aisiya. Ndinasankha Lubuntu: ndi yopepuka mokwanira, menyu ili pansi kumanzere kumene dzanja lawo linazolowera. Ndinakopera mafayilo onse, n'kuikamo Lubuntu, ndipo madamu anataipa pepala lonse la Fomu 3 osaima. Ankangomwetulira.

Kenako ahedi anatulukira. Sanakhudze n'komwe batani limodzi. "Izi sitikuzidziwa. Bwezeranimo Windows, alendo akabwera adzati taononga katundu wa sukulu." Ndinawafotokozera zonse mwaulemu. Ndinati ngati ndi choncho, gulaniko RAM ina ya mtundu wa DDR2, ngakhale yakale, kapena SSD yaing'ono, disiki yothamanga yosungira mafayilo. Akuti kuthumba kulibe kanthu. Chikhalirecho iwowo sataipa mayeso, amene amakhala mpaka dzuwa kulowa akudikira makinawo, thukuta lili kamukamu, ndi aphunzitsi. Ndinabwezera Windows yomwe ija dzanja likulemera, n'kukwera minibasi osalankhula ndi munthu.

Lachinayi ndinasintha kiyibodi ku Bangula, basi.

Lachisanu m'mawa madamu aja anandiimbira. Amafunsa ngati angamayatse Lubuntu kuchokera pa fulashi osakhudza za m'katimo. Ndinati n'zotheka, bola ntchito yawo azisungira pa fulashi ina chifukwa akathimitsa zonse zimafufutika. Ndawakonzera, ndipo ndawatumizira ndi wa kabaza wa njinga yamoto.