Chitsulo chimodzi, ochifuna atatu

Teremu ino tinapatsidwa ntchito yolemba za nkhondo yapachiweniweni ya ku America, ya 1861 mpaka 1865. Anzanga anathamangira mitu ya akuluakulu a asilikali, a Lee a kummwera ndi a Grant a kumpoto. Ine unanditsalira womwe aliyense anaukana: zitsulo za njanji. Ndinaulandira monyinyirika, koma mpaka lero sukundichoka m'mutu.

Pomwe nkhondo inkayamba, zigawo za kummwera zomwe zinagalukira boma zinali ndi njanji ya mailosi pafupifupi 9,000, kumpoto inkaposa 20,000. Izi zili m'buku lililonse. Chomwe sindinkachiganizira n'chakuti njanji imatha ngati nsapato. Zitsulo za masiku amenewo zinkaperepeseka ndi kung'aluka msanga, ndipo a kummwera ankagula zambiri ku Britain ndi kumpoto komweko. Mu April 1861 pulezidenti wa America, Lincoln, analamula kuti madoko awo atsekedwe, ndiye kogula konse kunatha.

Kosula kunalipo ndithu. Fakitale ya Tredegar ku Richmond, likulu la ogalukirawo, ya Joseph Reid Anderson, inali yaikulu kuposa zonse kummwerako. Koma boma la kummwera linkafuna kuti izisula mizinga ndi zitsulo zokutira sitima zankhondo zapamadzi. Sitima yotchedwa Virginia, yomwe inalimbana ndi sitima ya kumpoto ya Monitor pa 9 March 1862, zina mwa zitsulo zake zinali njanji zakale zomwe anaziphwatalitsa. Ya Arkansas sanavutike nayo n'komwe, anangoikhomerera zitsulo za njanji m'mbali mmene zinalilimo. Apa mpomwe ndinaika cholembera pansi. Chitsulo chomwechi a zapamadzi akuchifuna, a Lee akuchifuna kuti chimanga ndi nyama zifike kwa asilikali awo m'chigawo cha Virginia, mlimi nayenso akuchifuna kuti alandire mchere ndi kutumiza zokolola kumsika. Mapanga awiri avumbwitsa, nanga atatu?

Chotsatira chake, anayamba kuzula njanji zing'onozing'ono n'kumakonzera zikuluzikulu. Sitima zapamtunda zinkayenda pang'onopang'ono poopa kugubuduka, zakudya zinkaunjikana m'masiteshoni asilikali akugona ndi njala, ndipo pa 2 April 1863 amayi ku Richmond anathyola masitolo chifukwa cha kukwera mitengo kwa chakudya. Zifukwa za chipolowecho zinali zingapo, koma vuto la mayendedwe linalipo.

Nkhani yomwe ndinataya nayo nthawi yambiri ndi ya David Levy Yulee, mwini njanji ya ku Florida yochoka ku Fernandina kukafika ku Cedar Key. Mzinda wa Vicksburg utagwa m'manja mwa a kumpoto mu July 1863, ng'ombe za ku Texas zinasiya kuoloka mtsinje wa Mississippi, ndiye maso onse anatembenukira ku ng'ombe za ku Florida. Tsoka lake, njanji za ku Florida sizinkalumikizana ndi za ku Georgia. Boma linaganiza zozula zitsulo za Yulee kuti limange kachigawo kochoka ku Live Oak, ku Florida, kukafika ku Lawton, ku Georgia. Bwanamkubwa wa Florida, John Milton, anavomereza. Yulee anakana kwamtuwagalu, ndipo mu 1864 kampani yake inakatenga chiletso kukhoti. Asilikali anachinyoza chiletsocho n'kupitiriza kuzula.

Polemba koyamba ndinamutcha Yulee munthu wodzikonda, basi. Aphunzitsi anga analemba m'mphepete mwa pepala: "Ikanakhala njanji yodutsa kwanu?" Funsoli linandipweteka, chifukwa anthu okhala m'mbali mwa njanjiyo ankaopa kuti ikazulidwa, asilikali owateteza sadzafikanso msanga. Komabe sindinamukhululukire kwenikweni. Ndalama zake zinali m'zitsulozo, ndipo ndimaona kuti mantha a anthuwo anangomuthandiza kubisa zimenezo. Chinanso chinkandiseketsa: boma lomwe linagaluka likufuula kuti katundu wa munthu asakhudzidwe, ndilo linafika pomalanda katundu wa anthu ake. Katundu amene ankamuteteza poyambapo anali anthu, akapolo, ndipo ambiri mwa ogwira ntchito yakalavulagaga panjanji ndiponso ku Tredegar anali iwo omwe. Mumkangano wonsewu palibe anawafunsa kanthu.

Kachigawo ka Live Oak kanatha mu March 1865. Ndinabwereza kuona chakacho kawiri poganiza kuti ndalakwitsa. Lee anagonja pa 9 April.