Za masilipasi aja, mundimvere kaye

Chithunzi chija mwachiona kale nonse, ndikudziwa, chifukwa amene anachijambula sanadikire n'komwe kuti ndege itere. Ndiye musanakonze zondiimba nyimbo tikakumana, imvani mbali yanga. Eya, woima pakati pa anthu okhala pansi uja, tambula m'mwamba, ndine. Eya, zobiriwira zili kumapazizo ndi masilipasi a kuchimbudzi. Koma nkhani ija ili ndi mutu wake, ndipo mutu wake ndi bajeti.

Tokyo sakonda amphawi, ndiye ine ndinapita nditakonzeka. Ndinkagona ku Minami-Senju, dera lomwe kale kunkakhala anthu amaganyu, komwe mpaka pano kuli timahotela totsika mtengo. Chipinda changa chinali cha mphasa zitatu za tatami. Ukatambasula manja umakhudza makoma onse awiri, ukayetsemula woyandikana naye amadzuka. Chakudya chinali onigiri, mpunga woumba, wa m'sitolo ya Lawson, m'mawa, masana ndi madzulo, mpaka mnyamata wa pakauntala anayamba kundiyang'ana mwachisoni. Za mowa ndinali ndi nzeru yapadera: kugula chitini cha chuhai m'sitolo, kumwera panja, kenako kulowa m'bala uli wofunda kale n'kugula tambula imodzi yokha yogwirizira m'manja usiku wonse. Musaseke, ena mwa inu mumachita zomwezo ku Johannesburg.

Pa siteshoni ya Shinjuku pali makomo otulukira opitirira 200 ndipo ine ndinayesa pafupifupi onse. Amene mukufuna kupita ku Ni-chome, dera la mabala la ku Shinjuku komweko, tsikirani pa siteshoni ya Shinjuku-sanchome, muzandithokoza.

Tsono Ni-chome. Anzanga, timisewu tingapo chabe, koma mabala a amuna okonda amuna anzawo ali mazanamazana, osanjikizana m'nyumba zosanja, zikwangwani zake zitandandalika kuchokera pansi mpaka kumwamba. Lililonse lili ndi anthu ake: ili la akuluakulu a ndevu ndi mimba, ilo la achinyamata, linalo la okonda kuimba. Alendo ambiri amaunjikana pa mabala a m'mphepete mwa msewu wa Naka-dori, pomwe anthu amamwera chiimire panja ndipo Chingerezi chimamveka. Ine ndikanakhala pomwepo, chitini changa m'manja, osavutitsa munthu. Koma mnzathu wojambulayo anati ayi, amwene, sitinawoloke nyanja kudzacheza ndi azungu a ku Australia, tikwere m'mwambamu tikaone zenizeni.

Tinakwera masitepe opapatiza, n'kutsegula chitseko. Bala lonse linali ngati minibasi ya ku Ndirande, kusiyana kwake n'koti muno aliyense anali ndi mpando wake ndipo panalibe wokuponda. Kuseri kwa kauntala kunali bambo wandevu amene aliyense ankamutchula kuti Mama. Anatiyang'ana, n'kuyang'ana makasitomala ake, n'kutilozera mipando iwiri yomwe inatsala. Tisanaitanitse kanthu, anatiikira aliyense kambale ka nyemba zobiriwira zija, edamame. Mtima wanga unasungunuka. Ndinati taonani anthu odziwa kulandira alendo. Kambale kaja amakatcha otoshi ndipo kamalowa pa bilu, ndi mtengo wa mpando womwe wakhalapo, koma zimenezo ndinazimva mochedwa. Ndinamaliza kanga, ndinamaliza ka mnzathu, kenako dzanja linapitirira lokha n'kulowa m'kambale ka mwamuna amene anakhala kumanja kwanga. Kwathu mbale ikakhala pakati ndi ya aliyense, ndiye pamenepo musandiweruze.

Mwamunayo anayang'ana dzanja langa, n'kuyang'ana ine, n'kukankhira kambale konse kwa ine akumwetulira. Abale inu. Tsitsi la imvi pang'ono m'mbali, malaya oyera opinda m'mikono, mawu otsika. Chingerezi chake chinali chochepa, Chijapani changa chinali mawu anayi, koma tinacheza. Anandiuza kuti kwawoko boma silinavomerezebe ukwati wa amuna okhaokha, kungoti madera ena amapereka satifiketi yoti awiriwo ali limodzi, kuyambira dera la Shibuya mu 2015. Ine ndinamuuza kuti kwathu lamulo limati zaka 14 m'ndende. Anakhala chete, kenako anandithirira mowa wa m'botolo lake, lomwe linali ndi dzina lake pakhosi, chifukwa kumeneko kasitomala wokhazikika amagula botolo n'kulisiya pashelefu kudikira ulendo wina. Mowa waulere, wothiridwa ndi mwamuna wotero. Bajeti ndi mtima zinagwirizana koyamba chibadwire.

Cha m'ma 11 koloko iye ndi anzake anati tikadye. Munthu wanzeru akanayang'ana wotchi, poti sitima zomaliza zimanyamuka cha pakati pa usiku ndipo Minami-Senju ili kutsidya lina la mzinda. Ine ndinayang'ana mikono ija.

Malo odyerawo anali a mtundu wovula nsapato pakhomo n'kukhala pansi pa tatami, tebulo lofika m'mawondo. Ndinavula bwinobwino, masokosi anga analibe bowo, ndinakhala mwaulemu. Mpaka pamenepo ndinali kazembe wa dziko. Kenako chuhai, mowa wa Mama ndi wa m'botolo lija zinakumana m'chikhodzodzo, ndipo ndinanyamuka.

Pakhomo pa chimbudzi panali masilipasi apulasitiki obiriwira, olembedwa WC, ndi kachithunzi ka kamwana pamwamba. Lamulo lake ndinkalidziwa: umavala polowa, umavula potuluka, sachoka m'menemo. Ndinavala. Zidendene zanga zinatsala panja chifukwa sanapangire phazi la munthu wokulira ku Mzimba kwa agogo. Ndinakhala pampando, mpando uli wofunda, ndinadzidzimuka kuganiza kuti wina wangochokapo. Pambali panali mabatani ambirimbiri, onse m'Chijapani. Ndinkafuna logwetsa madzi. Loyamba linayamba kulira phokoso la mtsinje. Lachiwiri linatumiza madzi ofunda molunjika, mwaluso, pamalo pomwe sindinapemphe, ndipo ndinali nditayamba kale kuimirira. Tsono ndikufunseni, inu akatswiri a mwambo: munthu amene wangomenyedwa ndi chimbudzi, akufufuza batani loimitsa, thalauza lanyowa mwendo umodzi, angakumbukire zomwe zili kumapazi?

Ndinabwerera. Phwa, phwa, phwa, m'khonde lonse. Ndinakwera pa tatami. Ndinapeza matambula adzazidwanso, mwamuna uja akundimwetulira, ndipo mzimu wa mwini mwambo wa paukwati unandigwera. M'malo mokhala pansi ndinanyamula tambula n'kuyamba kulankhula.

Ndinayamba ndi kuthokoza. Ndinanena za mtunda umene ndayenda. Ndinanena za kukula ukubisa maso ako pamene mtima waona munthu. Chipinda chinayamba kukhala chete, ndipo ndinati eya, mawu akulowa. Mmodzi anaweramitsa mutu. Wachiwiri naye anaweramitsa. Posakhalitsa tebulo lonse linali litazolika, maso pansi, ndipo ine ndinati Mulungu wanga, ndawaliza anthuwa. Ndinawonjezera moto. Ndinalowetsamo agogo anga. Ndinalowetsamo nyanja ya Malawi dzuwa likamalowa, chinthu chomwe sichinkakhudzana ndi kalikonse. Tebulo loyandikana nalo linasiya kudya, nalonso maso pansi. Mtsikana woperekera zakudya anafika ndi mbale, anaima, anagwada pang'onopang'ono pakhomo, dzanja pakamwa. Ndinaganiza kuti mwina ndisiye ntchito ndiyambe ndale. Mnzathu yekha ndiye anali ndi foni m'mwamba, mapewa akugwedezeka, ndipo ndinati nayenso wagwidwa, sanandimvepo ndikulankhula chonchi.

Pomaliza ndinati anthu andiweramira chonchi, nane ndibweze ulemu. Ndinawerama mozama, ndi msana wonse, monga ndinaonera pa siteshoni. Ndipo ndili chiweramire, ndinakumana maso ndi maso ndi kamwana ka pa silipasi.

Sindinadzuke msanga. Ndinakhala momwemo, mutu pansi, ndikuwerenga W ndi C mobwerezabwereza, kuyembekeza kuti mwina zilembo zisintha. Ndinaganiza zokomoka, koma malo ogwera panalibe, ndikanagwera m'nsomba. Pa tatami sapondapo ngakhale ndi masilipasi a m'nyumba, aukhondo. Ine ndinabwera ndi a kuchimbudzi, n'kuima nawo pakati pa chakudya cha anthu, n'kuchititsa msonkhano.

Ndiye uwavule pomwepo? Akhala pa tatami. Ubwerere nawo? Upondanso. Ndinasankha njira yachitatu, yomwe mpaka lero ndimati inali yanzeru: ndinawavula n'kuwanyamula m'manja. Dzanja lina tambula, lina masilipasi, ndipo poti mawu anga anali asanatsekedwe mwadongosolo, ndinakweza dzanja n'kunena kuti kanpai, mawu awo okwezera matambula. Dzanja lomwe ndinakweza silinali la tambula.

Anthu aja ndi aulemu, ndikuuzeni. Anayankha kanpai. Mwamuna uja anaseka mpaka anagona chammbali, kenako anadzuka n'kunena kuti alendo onse amatero, ngakhale ana a ku Japan amatero. Mwamva? Onse. Vuto ndi dongosolo loika nsapato pamalo pomwe munthu amafika maganizo ali kwina. Mtsikana uja anapukuta mphasa ndi kansalu, malo alionse omwe ndinaponda, akupepesa iyeyo kwa ine, zomwe zinandipweteka kuposa akanandituka.

Bilu anaigawa mofanana pamutu pa aliyense, monga amachitira kumeneko, ndipo onigiri yense amene ndinadzimana nyama chifukwa cha iye anafera pomwepo. Sitima inali itapita kalekale. Takisi usiku imawonjezera 20 peresenti kuyambira 10 koloko, ndiye sindinafunse n'komwe mtengo. Tinakalowa mu manga kafe, momwe umalipira kakhumbi kokhala ndi mpando ndi kompyuta mpaka m'mawa, zakumwa za m'makina zili zaulere. Ndinamwa supu wa chimanga wa m'makina makapu osawerengeka pofuna kubweza ndalama zanga, mpaka sitima zinayamba kuyenda cha m'ma 5 koloko.

Mwamuna uja tinapatsana LINE, pulogalamu yawo yotumizirana mauthenga pafoni. Ndinamulembera uthenga wautali ndili m'sitima. Anayankha madzulo ake ndi kachithunzi ka chimbalangondo chikuwerama, ine ndinabweza ka kalulu, iye anabwezanso chimbalangondo chomwecho. Tikadali pamenepo. Ndipo wojambula uja ali nane ngongole ya 2,000 yen ya kakhumbi kake, poti khadi lake linakana, ndiye amene muli naye pafupi mumukumbutse.