Loweruka: munda wa abusa ku Nuenen

Lero kwacha ndi mphepo ya mwera, moti ntchito ya kudimba ndaisiya msanga. Nditafika pakhomo ndapeza mphwanga wakhala pakhonde, maso ali pafoni, pensulo ili kukhutu. Anamaliza sukulu chaka chatha, ntchito sinapezeke, ndiye masiku ano amangojambula.

"Malume, taonani ichi," watero.

Chinali chojambula cha katswiri wojambula zithunzi, Vincent van Gogh, cha mu Marichi 1884, cha pensulo ndi inki basi. Ndi munda wa kuseri kwa nyumba ya makolo ake ku Nuenen, m'dziko la Netherlands, kumene bambo ake anali abusa. Mitengo yonse yayoyola masamba chifukwa cha chisanu, nthambi zapiringizana ngati zala za munthu wokalamba. M'mundamo muli mayi wovala zakuda, nkhope yake yosaoneka bwino. Kutali uko, kupyola munda, kukuoneka nsanja yakale ya tchalitchi.

Mphwanga akuti ndi munda wakufa. Ine ndakana. Munthu wolima amadziwa mtengo wouma ndi mtengo wogona. Iyi ndi yogona, ngati mmene mlambe umakhalira m'chilimwe. Ndipo munthu sangawononge maola akulemba kanthambi kamodzikamodzi pa chinthu chimene sakuchikonda.

Koma chandigwira mtima ndi china. Van Gogh anabwerera kwa makolo mu Disembala 1883 ali ndi zaka 30, wopanda ndalama, akudalira thandizo la mng'ono wake Theo, ndipo ndi bambo ake sankamvana. Ndikuona ngati n'chifukwa chake nyumbayo sanaiikemo. Waifulatira, maso ali kunja. Pa nsanja ija panali manda a alimi a m'mudzimo, ndipo bambo akewo atamwalira mu Marichi 1885 anakaikidwa pomwepo. Chaka chomwecho nsanjayo inagwetsedwa.

Zonsezi ndamufotokozera mphwanga, iye ali phee. Ndiye ndakumbukira kuti dzana lomweli ndinamulankhula mawu olemera pa nkhani ya ntchito, pamaso pa mayi ake. Zandiwawa.

Madzulo ndamuona ali kuseri kwa khola, akujambula mitengo yathu ya mapichesi ija ndinadulira mwezi watha. Ndamutengera mpando ndi tiyi. Wandipempha kuti mawa ndisachotse nthambi zili pansizo, sanamalize kuzijambula.