Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 12: Patebulo la ku Salamanca

M'gawo lapitali ndinafotokoza mmene ndinapezera mwayi wokaphunzira Chisipanishi pa tchuthi, nditatha chaka chachiwiri pa yunivesite ku England. Lero tilowe m'nyumba imene ndinakhalamo.

Ndinafika ku Salamanca, mzinda wa ku Spain, kumayambiriro kwa Julaye 2017, pa basi yochokera ku Madrid. Kwathu mwezi umenewu timafunda mabulangete awiri, chiperoni chili pakhomo, koma kumeneko dzuwa limaswa mtengo ndipo limalowa cha m'ma 10 koloko usiku. Mzindawu ndi wa ophunzira. Yunivesite yake inayamba mu 1218, ndipo chilimwe chilichonse kumadzaza achinyamata a m'mayiko osiyanasiyana odzaphunzira chilankhulo. Ine anandipereka ku banja lina lokhala m'nyumba yosanja kutsidya kwa mtsinje wa Tormes, choncho popita ku kalasi ndinkawoloka pa mlatho wamiyala umene unayamba kumangidwa m'nthawi ya Aroma.

Pakhomopo panali anthu atatu: mayi amene anali namwino, mwana wawo wamwamuna wa msinkhu wanga, ndi agogo aakazi, amayi awo a mayiwo, a zaka zopitirira 80. Aphunzitsi athu anali abwino ndithu, koma Chisipanishi changa chenicheni ndinachitola patebulo. Nkhomaliro inkadyedwa cha m'ma hafu 2, mgonero cha m'ma 10, ndipo akatha kudya sankadzuka msanga. Ankakhala pomwepo n'kumacheza mokweza mawu, kudulana pakamwa, mdzukulu kutsutsa agogo ake maso ndi maso. Ine wokulira ku Lunzu, kumene mwana amagwada popereka madzi, poyamba zinkandiwawa mumtima. Koma ndinaona kuti mnyamata yemweyo ndi amene ankawagwira mkono agogowo potsika masitepe madzulo aliwonse, osatumidwa.

Agogowo ndi buledi anali pa ubale wake. Chibenthu chikagwa pansi ankachitola, kuchipsompsona, n'kuchibwezera patebulo. Wotsala dzulo sankatayidwa: ankamuphika msuzi ndi adyo ndi dzira. Chifukwa chake ndinachimva Lamlungu lina pamene ndinawaphikira nsima. Ufa woyera sunapezeke, ndinagula wachikasu m'kasitolo ka anthu a ku South America, ndiwo nyemba ndi kabichi. Amayi ndi mwana wawo anadya ndi manja, akuseka. Agogo anayang'ana mumphika nthawi yaitali, kenako anati, "Mwanangu, iwe kwanu mumadya ichi tsiku lililonse? Ife phala la ufa ndi madzi tinkadya chifukwa kunalibe china."

Nkhondo yapachiweniweni ya ku Spain inatha mu 1939, atapambana Francisco Franco, mkulu wa asilikali amene kenako analamulira dzikolo mwankhanza, ndipo zaka zotsatira anthu amazitchula kuti zaka za njala. Chakudya chinkagulidwa ndi makadi a boma mpaka 1952. Agogo anandiuza za buledi wakuda wolimba, za amayi awo amene ankapita kuchigayo usiku ndi tirigu wobisa kuti boma lisalande, za ana a m'mudzi mwawo amene ankatola makoko a malalanje. Ine ndinawauza za agogo anga, amene anaona njala ya 1949 ali kamtsikana. Mvula inadula, anthu a m'boma la Blantyre ankakumba mizu kutchire, amuna ena anachoka kukasaka chakudya osabweranso kwa akazi awo. Mawu ankandithera, ndinkathandizira ndi manja, koma anandimva bwinobwino. Atandiuza kuti malemu amuna awo anapita kukagwira ntchito m'fakitale ku Germany m'zaka za m'ma 1960, monga anachitira anzawo ambirimbiri, n'kuwasiya ndi ana aang'ono, ndinati, "Agogo, ifenso agogo aamuna anapita kumigodi ku Joni, pa Wenela." Anandifunsa funso limodzi lokha: ankatumiza ndalama?

Nkhani imene inkayatsa moto patebulopo inali ya chithunzi. Pabwalo lalikulu la mzindawu, Plaza Mayor, pamwamba pa zipilala pali nkhope zosema za mafumu ndi anthu otchuka. Nkhope ya Franco inaikidwapo mu 1937, nthawi imene likulu lake lankhondo linali mu Salamanca momwemo, ndipo inachotsedwa mu Juni 2017, ine nditatsala pang'ono kufika. Panali lamulo la 2007 lonena kuti zizindikiro zotamanda ulamuliro wake zichoke m'malo a boma, koma kumeneku zinatenga zaka khumi ndi milandu kukhoti. Mnyamata uja ankati zinachedwa, munthu wopha anthu sayenera ulemu pabwalo pamene ana amasewera. Amayi ake ankagwirizana naye. Agogo ankangoti, "Zisiyeni zimenezo, mwala sudya munthu," n'kutsitsa mawu ngati wina akumvetsera kukhomo, chonsecho Franco anamwalira mu 1975.

Kutsitsa mawu kumeneko ndinakuzindikira msanga, chifukwa bambo anga amachita chimodzimodzi mpaka lero akamatchula a Payoniya, makadi a chipani amene ankafunsidwa polowa mumsika, kapena nduna zitatu ndi phungu amene anaphedwa ku Mwanza mu 1983. Referendamu inachitika mu 1993, koma pakhosi pawo mantha sanatheretu. Tsiku lina mnyamata uja anandifunsa kuti ife tinachita naye chiyani wolamulira wathu. Ndinamuuza zoona: ku Lilongwe kuli chiliza chachikulu cha Kamuzu Banda ndiponso chifanizo chake, bwalo la ndege ndi chipatala chachikulu zili ndi dzina lake, ndipo alipo ambiri amene amamukumbukira ndi mtima wabwino chifukwa cha misewu, sukulu ndi ulimi. Iye anadabwa kwambiri. Agogo sanadabwe ngakhale pang'ono, anangogwedeza mutu.

Pa nkhani ya chithunzicho ine ndili kumbali ya mnyamatayo, ndipo ndinanena pomwepo. Kuli mabanja ku Spain amene akufunafunabe mafupa a abale awo m'maenje a m'mphepete mwa misewu, ndipo sindiona chifukwa choti aziona nkhope ya wowaphera anthu akamamwa khofi pabwalo. Koma sindinalole kuti aziwaseka agogowo kuti ndi amantha. Iye anabadwa zonse zili poyera. Iwo anakula m'mudzi momwe wokunenera kwa apolisi ankatha kukhala mnansi wako, ndipo kusunga pakamwa n'kumene kunalera amayi ake. Ndinamuuza zimenezi m'Chisipanishi chothyokathyoka, tinakangana mpaka pakati pa usiku, amayi akutilekerera. Mawa lake anandiperekeza kukaona nyumba yosungira zikalata za nkhondo ija, imene ili mumzinda momwemo, n'kundiwerengera zolembedwa zimene ine sindikanatha kumva ndekha.

Sabata imeneyo ndinaimbira foni amayi ku Lunzu kuwapempha kuti akafunse azakhali za chaka chimene agogo aamuna anabwerera kuchokera ku Joni, ndi chimene anabwera nacho. Yankho lake linatsegula nkhani ina ya m'banja mwathu imene ndinali ndisanaimvepo, ndipo ndiyo ya gawo 13.