Zaka za Tatola

Ndabwera kunyumba lero ndi khadi la katemera la galu wathu lomwe pa mzere wa zaka alembapo kuti "3 mpaka 6", ndipo ngakhale ana agona kale, manambala awiriwa akundisowetsabe mtendere. Galuyu tinamutola masabata atatu apitawo m'ngalande ya kumunsi kwa msika wa Chilomoni, nthiti zikuwerengeka, makutu atadzaza nkhupakupa, khosi lili ndi chipsera chozungulira chosonyeza kuti anakhala nthawi yaitali atamangidwa ndi waya. Mwana wanga wamkazi ndiye anamutcha Tatola, ndipo dzinalo linakhazikika tisanagwirizane n'komwe ngati timusunge.

Cholinga cha ulendo wa lero chinali katemera wa chiwewe ndi mankhwala a njoka za m'mimba basi. A bungwe la Mission Rabies akhala akubaya agalu katemera wa chiwewe mu Blantyre muno kuyambira mu 2015, kotero n'kutheka kuti anabayidwapo kale, koma popeza palibe pepala lililonse, adokotala a ziweto anati ayambe naye ngati watsopano. Atafika pa funso la zaka, anaika cholembera pansi, n'kukweza mlomo wam'mwamba wa galuyo ndi chala chachikulu, ndipo anayang'anitsitsa m'kamwamo kwa nthawi yaitali kuposa mmene ndinkayembekezera.

"Mayi, akanakhala kamwana, ndikanakuuzani ngakhale mwezi umene anabadwa," anatero. Anafotokoza kuti ana agalu amabadwa opanda dzino, mano oyamba amayamba kumera pa masabata atatu mpaka manowo atakwana 28, kenako amayamba kugweluka cha pa miyezi itatu kapena inayi, ndipo pofika miyezi 7 mano onse 42 a ukulu amakhala atamera. Kufikira pamenepo m'kamwa mwa galu mumanena zoona. Kupyola apo, chimene munthu amaona ndi mmene manowo agwirira ntchito, ndipo ntchitoyo imasiyana malinga ndi moyo umene galuyo wakhala.

Anandiitana kuti ndiwerame ndione ndekha. Mano aang'ono akutsogolo akumunsi ndi operepeseka, nsonga zake zinatha, ndipo limodzi mwa mano anayi aatali osongoka aja ndi lothyoka pakati. Ine ndinafulumira kunena kuti basi ndi nkhalamba, koma iwo analoza chipsera cha m'khosi chija n'kunena kuti galu womangidwa amatha tsiku lonse akuluma waya kapena unyolo, ndipo zimenezi zimadya mano m'chaka chimodzi kuposa mmene zaka zingapo za nsima ndi madeya zingawadyere. Litsiro lolimba lachikasu lomwe limamata pa mano akumbuyo lilipo pang'ono chabe, koma nalonso anati silodalirika, chifukwa galu wotafuna mafupa amadzitsuka yekha mano pamene wodya zofewa zokhazokha amadetsa mano akadali wamng'ono. Atawalitsa tochi m'maso, anapeza kuti ndi oyera bwinobwino, mulibe kachifunga kotuwa kamene kamayamba kuoneka mkati mwa diso galu akamafika zaka 7 kapena kupitirira, ndipo ichi ndicho chinawachititsa kuima pa 6. Mawere ake otambasuka akuonetsa kuti anayamwitsapo, mwina kangapo, koma galu wamkazi amatha kutenga bere asanakwanitse chaka, bere lake limatenga masiku pafupifupi 63 okha, ndiye kubereka kawiri kapena katatu sikufuna zaka zambiri. Za imvi za pakamwa anangopukusa mutu, nati aonapo agalu a zaka ziwiri, makamaka amantha, ali nazo kale.

Ndivomereze kuti ndinayankha mosaleza mtima. Ndinati kusiyana kwa 3 ndi 6 n'kwakukulu kwambiri moti ndikanatha kulota ndekha kunyumba osalipira kanthu. Adokotalawo sanakwiye. "Ndikhoza kulemba 4 kuti mtima wanu ukhale pansi, mayi, koma ndikhala ndakunamizani mwaulemu," anatero, ndipo anapitiriza kulemba zimene anaona. Tsopano ndikaganiza, anachita bwino, ndipo mwina n'chifukwa chake mawuwo akundiwawabe, popeza munthu wonena zoona sumupezera polakwa kuti umukwiyire mokwanira.

Madzulo agogo a nyumba yoyandikana nafe, amene paunyamata wawo ankapita ku uzimba ndi agalu kwawo ku Ntcheu, anabwera kudzaona khadilo. Iwo mano alibe nawo ntchito. Anaponya kachidutswa ka mkute patali, n'kuonerera mmene Tatola anadzukira ndi mmene anathamangira, kenako anagamula kuti, "Mwana wanga, uyu sanafike pokalamba, galu wamkulu amayamba waganiza kaye asanadzuke." Ndinaseka, koma ndinazindikira kuti akunena zomwezo zimene adokotala anafufuza pomupinda miyendo yakumbuyo kuti aone ngati mfundo zayamba kuuma.

Mwana wanga, yemwe anamva kusukulu kuti chaka chimodzi cha galu ndi zaka 7 za munthu, anachulukitsa msangamsanga n'kupeza 21 ndi 42, ndipo anandifunsa ngati Tatola ali msinkhu wa azakhali ake aang'ono kapena wanga. Ndinamuuza kuti masamu amenewo ndi ongoyerekeza, chifukwa galu wa chaka chimodzi amabereka pamene mwana wa zaka 7 ali mu Sitandade 2. Anakhala chete kwa kanthawi, akuchotsa tizitsotso pa msana wa galuyo, kenako anafunsa funso limene ndikuganiza kuti ndi lomwe linandipsetsa mtima ku chipatala cha ziweto ndisanalimve n'komwe: "Amayi, ndikamadzalemba mayeso a Fomu 4 adzakhala alipo?"

Iye ali mu Sitandade 6, kutanthauza kuti kwatsala zaka zoposa 6 kuti afike kumeneko. Galu wa thupi lapakatikati ngati uyu, akasamalidwa bwino, amakhala zaka 10 mpaka 13. Ngati Tatola ali ndi zaka 3, adzamulandira pa geti tsiku lomaliza mayeso akugwedeza mchira, koma ngati ali ndi 6, ndiye kuti adzakhala ali kumapeto kwenikweni, ndipo zaka za njala ndi waya zija sindikukhulupirira kuti zinapita osasiya ngongole m'thupi mwake. Ndinamuyankha kuti timusamala mmene tingathere, ndipo anaona yekha kuti ndazemba funso lake.

Posachedwapa ndinatuluka pakhonde ndi tochi ya pa foni kukayang'ananso m'maso muja, ngati kuti ine ndingaone chimene adokotala sanaone. Tatola anatsinzina, n'kutembenuzira mutu kukhoma, ndipo pamene ndimati ndimukweze mlomo kuti ndionenso dzino lothyoka lija, anandinyambita dzanja n'kubisa mphuno pansi pa thumba limene amagonapo.