Singano ya azibambo a pasofa

Mpaka lero mwini kalabu ija akandiona amatseka makutu ndi manja onse awiri, kenaka n'kuphulika ndi phwete. Mlandu wake ndi wa singano.

Anandiitana kuti ndikaike nyimbo Loweruka lina, usiku wa zimbale zokhazokha, kompyuta ayi. Ma turntable anga, makina oimbira zimbale, ndi awiri a Technics SL-1200MK2, mtundu umene unatuluka mu 1979, ndipo onse anali ndi makatiriji (timitu tonyamula singano kumapeto kwa mkono wa turntable) a Shure M44-7. Singano ya imodzi inali itatheratu, moti woimba akatchula "s" zinkamveka ngati chipisi cholowa m'mafuta pa chiwaya. Shure inasiya kupanga makatiriji mu 2018, ndiye singano zake zenizeni zimasowa. Munthu wamutu wake akanaitanitsa ya Jico ya ku Japan, kuzula yakale, kulowetsa yatsopano, nkhani yatha. Ine ndinachezera pa intaneti kuwerenga azibambo amene amamvera zimbale ali phee pasofa, atatsinzina. Onsewo ankayamikira Denon DL-103, imene inapangidwira wailesi ya NHK ku Japan m'zaka za m'ma 1960. Ndinati ngati wailesi ya dziko lonse la Japan inkaidalira, kakalabu ka mu Blantyre n'kachiyani? Msuweni wanga wa ku Johannesburg anaitumiza pa basi.

Kumanga ndinamanga mwaukatswiri, pamenepo musandinyoze. Timawaya tinayi ta pa headshell, kachitsulo komangirapo katiriji, ndinatiika m'malo mwake: koyera ndi kabuluu mbali ya kumanzere, kofiira ndi kobiriwira mbali ya kumanja. Ndinatenga kapulasitiki koyezera ka Technics kaja n'kuonetsetsa kuti nsonga ya singano ili pa mamilimita 52 kuchokera pamene headshell imalumikizana ndi mkono. Chinandidabwitsa n'chakuti sikuludiraiva ikayandikira katirijiyo inkakokedwa, n'kumata. Ndinati eya, mphamvu zake ndi zimenezi. Pamene ndimati ndiyese mawu, magetsi anazima, ndipo anabwera ine ndili kale pa galimoto ya matola ndi katundu.

Chimene maginito okoka sikuludiraiva aja ankandiuza ndi ichi. Makatiriji alipo a mitundu iwiri. Mu MM, monga M44-7, kamaginito kakang'ono kali kumapeto kwa kandodo konyamula singano ndipo ndi kamene kamagwedezeka. Mu MC, monga DL-103, zimene zimagwedezeka ndi timakoyilo ta waya wopyapyala, maginito ndi aakulu ndipo amangokhala. M44-7 imatulutsa mamilivoti 9.5. DL-103 imatulutsa 0.3. Pa mikisa, chipangizo chosakanizira mawu a ma turntable, polowera polembedwa kuti phono pamayembekezera MM, ndipo MC imafuna kaye kathiransifoma kake kapena chokuzira mawu chakechake. Ine ndinalibe, komanso sindinkadziwa kuti ndilibe.

Itakwana 10 koloko ndinatsitsa singano yatsopano pa chimbale choyamba. Chimbale chikuzungulira, koma m'holo munkamveka mafoloko ndi mabotolo. Nyimbo inalipo ndithu, kungoti inkamveka ngati wailesi ya aneba.

"Achimwene, mwayamba kapena mukupemphera kaye?" anafunsa mwini kalabu.

Ndinapotokola trim, chokwezera mawu a mbali imeneyo pa mikisa, mpaka kumapeto. Master, chokwezera mawu onse, mpaka kumapeto. Ndinatuma mnyamata wa zokuzira mawu kuti akweze ampulifaya. Nyimbo inatulukako, koma inabwera ndi mlendo: kulira kwa "mmmmm" kwa ma hertz 50 a magetsi athu, chifukwa kawaya ka ground, koletsa kulira koteroko, ndinangokakoleka osamanga pa kachitsulo ka GND kuseri kwa mikisa. Ukakweza chotere, chilichonse chobisala mu waya chimakwera nawo.

Chimbale chachiwiri chinali pa M44-7 yabwino ija. M'mahedifoni chinandilasa makutu, ndiye ndinangochepetsa mawu a mahedifoniwo, osaganizako kuti masipika alibe dzanja lodzichepetsera okha. Tiyerekeze: 9.5 kugawa ndi 0.3, ndi kupitirira ka 30, pafupifupi ma decibel 30. Trim inabwezako pang'ono chabe. Ndinakankha crossfader, chosinthira mawu kuchoka ku chimbale china kupita ku chinzake, ndikumwetulira.

Mayi wina anaponya mbale ya nkhuku m'mwamba. Mlonda wa pageti anathawira kumsewu poganiza kuti thiransifoma yaphulika. Bambo amene ankawodzera pa kauntala anadzuka ataimirira kale, akukuwa kuti iye sanabe kanthu. Sipika ya kumanzere inatulutsa kafungo ka waya wopsa, ndipo kuyambira pamenepo tweeter yake, kasipika ka mawu opyapyala, inasiya ntchito.

Ndinatsitsa msanga, anthu n'kuyamba kuvina, chifukwa ndiye anali atagalamuka onse. Koma pansi pa kalabu ija ndi pa matabwa, ndipo tebulo langa linali pa matabwa omwewo, pafupi ndi sipika ya bezi. Nditabwerera ku Denon ndi kukwezanso zonse, kugwedezeka kwa bezi kunkadutsa m'tebulo, kulowa m'singano, kubwerera ku sipika, n'kuyamba kuwuwa ngati fisi. Wina akadumpha, singano nayo inkadumpha. Apa ndinakumbukira nzeru za kalekale: ndinatulutsa K10 yachitsulo m'thumba, n'kuimata pa headshell ndi selotepi. DL-103 imafuna kulemera kwa magalamu 2.5. Tsiku lotsatira nditayeza ndalama ngati yomweyo, kasikelo kanga, kamene kamathera pa magalamu 5, kanakana kuwerenga.

Kudumpha kunasiya. Mtima unakhala m'malo, mwinanso unapitirira, chifukwa anyamata ena atakuwa kuti "DJ, kanda!" ndinagwira chimbale n'kukoka kumbuyo, kutsogolo, kumbuyo. Ulendo wachitatu kunamveka "khwee", kenaka zii. Nditawalitsa tochi ya foni ndinapeza kandodo ka singano kataloza kumbali ngati mwendo wa nkhuku yowotcha. Ndinayesa kukazula kuti ndiikepo kena. Pa MC sikazuka. Kandodoko n'kolumikizana ndi timakoyilo, ndiye kakapindika, katiriji yonse imapita kwa amisiri kunja kapena imalowa m'kabati.

Ndinaika nyimbo zitatu ndi turntable imodzi, pakati pake ndikulankhula pa maiki zinthu zopanda mutu, mpaka kupereka moni kwa anthu a ku Ntcheu amene sindinkadziwa ngati alipo. Ndiye panabwera madala ena a imvi, amene ankaika nyimbo m'tauni muno ine ndisanamere mano.

"Mphwanga, wamanga chiyani apa?"

Nditawauza, anandiyang'ana nthawi yaitali. "Iwe wabwera ndi nsapato za ukwati ku dimba."

Anapita ku galimoto yawo n'kubwera ndi kabokosi, m'kati muli Ortofon Concorde ya ku Denmark. Imeneyi ilibe headshell, ilibe timawaya, ilibe zomangira: umangoilowetsa ku mkono n'kupotokola kamphete. Titayesa, mbali imodzi inali zii. Anaitulutsa, anapempha pensulo kwa wa pa kauntala, n'kupukuta timitu tinayi ta kumbuyo kwake ndi labala, chifukwa timachita dzimbiri losaoneka. Mawu anabwera mbali zonse.

Kenaka anandiphunzitsa pamaso pa anthu, nyimbo ikulira mbali inayo. Anaika anti-skate, choletsa mkono kukokekera m'kati mwa chimbale, pa 0. Anapotokola chitsulo cholemera cha kumbuyo kwa mkono mpaka mkonowo unayandama wokha, osakwera osatsika. Atagwira chitsulocho kuti chisasunthe, anazungulitsa kamphete ka manambala kokha kufika pa 0, ndiyeno n'kupotokola zonse pamodzi mpaka pa 3.

"Iyi ndi Club, imafuna magalamu 3, imatulutsa mamilivoti 8. Nsonga yake ndi yopyapyala m'mbali, imatola mawu bwino, koma ndi yosakanizira nyimbo. Ukufuna kukanda, gula Scratch: nsonga yobulungira, magalamu 4, mamilivoti 10. Yobulungira siidya kwambiri chimbale pamalo pamene ukubwerezabwereza. Ndipo ugule ziwiri zofanana, wamva? Zosiyana ndi zimene zaphetsa sipika ya eni ake."

Anamanga kawaya ka ground, kulira kuja n'kutha. Anatuma anyamata kuti asunthe sipika ya bezi, ndipo anati ulendo wina ndidzabwere ndi silabu ya simenti ndi mipira ya tenisi yodula pakati, mipira pansi, silabu pamwamba, turntable pamwamba pa silabu.

Pa malipiro anga mwini kalabu anachotsapo ya tweeter ndi ya nkhuku ya mayi aja. Zotsalazo zinakwana matola obwerera. Ndikulongedza, madala aja anatenga headshell yanga, anamatula selotepi mosamala, n'kuika K10 ija m'thumba la malaya awo.

"Iyi ndi ya sukulu fizi," anatero.